Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo: mafizo a khosi afike kumudzi kudzera pafoni

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale yoyendera m'chigawo chapakati, ndipo ndikukulemberani za khosi. Ndikudziwa kuti patebulo panu pali malungo, kolera, amayi omwalira pobereka ndi mashelefu opanda mankhwala. Pafupi ndi zimenezi khosi lowawa limaoneka laling'ono, pakuti silipita ndi munthu kumanda. Koma limamulanda tulo, limamulanda khasu, limamuchotsa pamakina osokera, ndipo limachita zimenezi kwa zaka popanda wina kuziwerengera.

Langa linayamba zaka zinayi zapitazo, nthawi yochonga mayeso a teremu yachitatu. Poyamba ndinkati ndagonera pilo molakwika. Sabata inatha, mwezi unatha. Ululu unkayambira kunkhongo n'kutsikira paphewa la kumanja, ngati wina wakanikiza chala pamenepo osachichotsa. Ndikamalemba pabolodi ndinkatembenuka thupi lonse kuti ndione ana, chifukwa khosi palokha linkakana. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anandilandira bwino, anandilembera brufen ndi panado, nati ndikapume. Mankhwala atatha ndinabwerera, anandilemberanso omwewo. Sindikuwadandaula anthu amenewa. Pamene mzere wa odwala wafika mpaka pansi pa mtengo panja, dokotala mmodzi alibe mphindi 20 zoonera mmene munthu akupindira khosi. Kenaka ndinasiya kupitako, n'kumangogula mapiritsi pagolosale. Masamba atatu a buku langa la kuchipatala ali ndi mawu amodzimodzi, olembedwa ndi manja osiyanasiyana.

Patatha zaka ziwiri, nditabwereranso kuchipatala chaching'ono chija, ananditumiza ku mafizo kuchipatala chachikulu. Kumeneko ndi kumene munthu anayamba kundigwira khosi ndi manja ake. Anandiuza kuti ndizibwera kamodzi pasabata kwa milungu 6. Ndinapitako kawiri. Ulendo umodzi unali kudzuka tambala woyamba, kabaza mpaka pamsewu waukulu, minibasi yodikira kuti idzadze, kubwerako dzuwa litalowa, makalasi atatu osaphunzira, ndi ndalama yomwe ikanagula ndiwo za sabata yonse. Mabampu a pobwerera ankabwezeretsa m'khosi zonse zimene a mafizo anachotsa m'mawa. Ndikhulupirira m'kaundula mwawo ndinalembedwa ngati wodwala yemwe sanabwererenso. Mutafunsa, Olemekezeka, ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba ndi ku Mzuzu kuti mayina otere alipo angati, ndiponso kuti eni ake amakhala kutali bwanji ndi chipatala, muona nkhani yomwe ndikunena isanathe kalata ino.

Amene anandithandiza ndi mtsikana yemwe ndinamuphunzitsa ali Fomu 3 ndi Fomu 4. Anaphunzira za mafizo ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Anabwera kudzaona makolo ake pa Khirisimasi, tinakumana potuluka m'tchalitchi, ndipo anaona mmene ndinatembenukira pomupatsa moni. "Aphunzitsi, khosilo latero kuyambira liti?" M'mawa mwake anafika kunyumba. Anandifunsa kwa nthawi yaitali: ngati manja amachita dzanzi, ngati ndimagwetsa kapu kapena choko, ngati miyendo imalemera poyenda, ngati ndimatuluka thukuta usiku kapena ndikuonda, ngati ndinagwapo panjinga. Anayesa mphamvu ya mikono yonse iwiri, anandiyendetsa pabwalo akuyang'ana mapazi anga. Atakhutira anati, "Izi tingathe kuchita ine ndili kutauni inu muli kuno. Koma ndikanapanda kukuonani kaye ndi maso ndi manja, sindikanavomera."

Loweruka lililonse masana ndinkaimika foni pamulu wa mabuku, iye n'kuimba pa WhatsApp. Choyamba anandiphunzitsa kubweza chibwano m'mbuyo pang'ono, ngati munthu wovomera mawu a akulu mwaulemu, n'kugwira pomwepo ndikuwerenga mpaka 10. Zinkaoneka ngati masewera a ana. Iye anandifotokozera kuti m'kati mwa khosi, kutsogolo kwa mafupa, muli timinofu tomwe timachirikiza mutu, ndipo mwa anthu ambiri a khosi lowawa timinofu timeneti timakhala titafooka, moti minofu ya kunja imatsala ikulimbana ndi ntchito yosakhala yake mpaka kuuma. Kenaka anandiuza kuti ndidule legeni ku chubu chakutha cha njinga, ndimange pachitsulo cha windo, ndizikoka zigongono zikupita m'mbuyo. Ndikalakwitsa ankaona pomwepo. "Mwakweza mapewa, Aphunzitsi, atsitseni. Pumani, musagwire mpweya."

Tsiku lina anandipempha kuti nditembenuze foni aone pomwe ndimachongera. Anaona katebulo kakafupi komwe ndinkawerama usiku wonse pansi pa nyale ya sola. Anati ndiike njerwa ziwiri pansi pa mwendo uliwonse, ndiponso ndiziimirira ndikachonga mapepala 10. Chimenechi kuchipatala chachikulu sakanachiona, ngakhale ndikanapitako milungu yonse 6. Foni inamulowetsa m'nyumba mwanga, momwe munali gwero la vutolo. Anandichotsanso mantha. Ndinkakhulupirira kuti fupa likudyeka, ndipo ndinkasunga khosi ngati dzira. Iye anandiuza kuti ululu womwe wapitirira miyezi itatu, ngati zizindikiro zoopsa palibe, kawirikawiri sutanthauza kuti m'kati mukuonongeka, ndipo khosi losayendetsedwa ndi lomwe limaumiratu. Patatha milungu 10 ndinagona usiku wonse. Sindinachire kotheratu, nthawi ya mayeso limandikumbutsabe. Koma mapiritsi a tsiku ndi tsiku ndinasiya, ndipo ndimadziwa chochita likayamba.

Zonsezi ndinazipeza mwamwayi, Olemekezeka. Ndinali ndi foni ya kamera, ndalama ya bandulo, ndi mwana wa sukulu wokumbukira mphunzitsi wake, yemwe ankapereka Loweruka lake popanda womulipira. Achemwali anga aakulu, omwe amakhala kumudzi komwe tinabadwira, alibe chilichonse mwa zitatuzi, ndipo khosi lawo linayamba kale langa lisanayambe. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo umakhala pa timafupa 7 ta khosi. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Achemwali asenza chigubu chotere kuchokera kumjigo kangapo patsiku kuyambira ali mtsikana, kuwonjezapo mtolo wa nkhuni, thumba la kuchigayo, ndi mwana kumsana akuwerama ndi khasu. Nkhata imateteza liwombo, koma kulemera konse kumatsikirabe m'khosi. Paphewa pawo pali mizere ya mphini za asing'anga awiri. M'kansalu kawo simusowa indocid wogula pamsika. Nditawauza za mafizo anandiyankha kuti, "Achimwene, zimenezo n'za anthu a ngozi za galimoto ndi ofa ziwalo. Ine ndikapita kukatani?" Ambiri kwathu amaganiza chimodzimodzi, ndipo sindiwaona kulakwa, chifukwa palibe amene anawauzapo zina.

Mapiritsi amenewa ndi omwe amandiopsa. Brufen, diclofenac ndi indocid amathandiza kwa masiku ochepa, koma akamamwedwa miyezi ndi miyezi amabweretsa zilonda za m'mimba ndipo amaononga impso. M'ma ARV omwe anthu ambiri akumwa m'dziko muno muli tenofovir, yemwe payekha amafuna kuti impso ziziyang'aniridwa. Munthu wa khosi lowawa yemwe akuphatikiza ziwirizi, osauza dokotala chifukwa mapiritsi a pagolosale sawawerengera ngati mankhwala, akhoza kudzafika kuchipatala ndi matenda odula kwambiri kuposa amene anayamba nawo. Ndalama yomwe unduna sunaike pa mafizo udzailipira pa impso.

Kuti masewero olimbitsa khosi amathandiza si nkhani ya ine ndekha. Ku Finland, dokotala Jari Ylinen ndi anzake anatsatira amayi 180 ogwira ntchito m'maofesi omwe ankavutika ndi khosi kwa nthawi yaitali, ndipo zomwe anafalitsa m'chaka cha 2003 zinaonetsa kuti patatha chaka, omwe ankalimbitsa minofu ya khosi ululu unachepa kwambiri kuposa omwe sankatero. Masewero ambiri ankachitira kunyumba kwawo. Ku Denmark, kafukufuku wa m'chaka cha 2011 anapeza kuti kukoka mphira kwa mphindi ziwiri zokha patsiku, kwa milungu 10, kunachepetsa ululu wa khosi ndi mapewa. Mphira wawo unali wogula m'sitolo, wanga unali legeni, koma ntchito yake ndi imodzi. M'chaka cha 2017 akatswiri a ku University of Queensland ku Australia anasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana wa mafizo ochitika dokotala ali kwina wodwala ali kwina, napeza kuti pa matenda a minofu ndi mafupa zotsatira zake zimafanana ndi za okumana maso ndi maso. Mliri wa Covid-19 utatseka zitseko za zipatala mu 2020, mayiko ambiri anatsata njira imeneyi chifukwa chosowa ina, ndipo mliri utatha sanaisiye. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mankhwala a khosi lotere ndi zimene wodwala amachita yekha tsiku ndi tsiku. Ntchito ya wa mafizo ndi kusankha masewero oyenera munthuyo, kukonza akalakwitsa, kuwonjezera pang'onopang'ono, ndi kumulimbikitsa pa sabata yachitatu pamene sakuona kusintha ndipo akufuna kusiya. Zambiri mwa izi zimatheka ndi maso ndi mawu.

Vutoli silichepa. Owerengera matenda padziko lonse anapeza kuti mu 2020 anthu 203 miliyoni anali ndi ululu wa khosi, amayi ochuluka kuposa abambo, ndipo akuyembekeza kuti pofika 2050 adzakhala 269 miliyoni. Kwa ife, kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 aliwonse ankakhala kumudzi. A mafizo athu ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda. Ngakhale mutalemba ntchito onse omwe amaliza maphunziro, zomwe ndikupemphanso kuti muchite, mayi wa ku Chididi kapena wa pachilumba cha Likoma sadzayenda kamodzi pasabata chifukwa cha khosi.

Pali choopsa chimodzi chomwe ndikufuna kuimapo, chifukwa ndi pomwe ntchito yabwinoyi ingavulaze anthu. Khosi lowawa si lonse lofuna masewero. M'dziko ngati lathu, momwe chifuwa chachikulu ndi HIV zili zambiri, ululu wa khosi ukhoza kukhala TB ya mafupa a msana. Khosi louma mwadzidzidzi limodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu likhoza kukhala matenda oumitsa khosi, omwe amapha m'masiku ochepa. Khansa imafika m'mafupa. Wa kabaza yemwe anagwa mwezi watha akhoza kukhala ndi fupa long'aluka. Munthu wachikulire yemwe manja ayamba kulephera kumanga mabatani, miyendo ikupunthwa, mkodzo ukuvuta kugwira, akhoza kukhala kuti mtsempha waukulu wa m'msana wapanikizika, ndipo ameneyo akufunika dokotala wa mafupa ndi mitsempha mwamsanga. Anthu otere kuwauza pafoni kuti akoke legeni ndi kuwachedwetsa panjira. Kale pa Facebook ndi pa TikTok padzaza timakanema ta anthu opotokola makosi a anzawo mpaka kulira kuti thwa, ndipo achinyamata akutengera. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mawu a mwana wanga wa sukulu uja akhale lamulo la ntchitoyi: ulendo woyamba munthu aonedwe ndi maso ndi manja a wodziwa. Zotsatira ndizo zipite pafoni, ndipo nthawi iliyonse yoimba mafunso a dzanzi, kufooka ndi kutentha thupi afunsidwenso.

Sindikupempha kuti mumange chatsopano kuchokera pansi. Unduna wanu uli kale ndi Chipatala Cha Pa Foni. Chinayamba m'boma la Balaka mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, poyamba chikuthandiza amayi oyembekezera ndi ana, kenaka chinakula n'kufika dziko lonse, ndipo chinaperekedwa m'manja mwa boma. Anthu ambiri anaidziwa nambala ya 54747, yoimba mwaulere. Chinaonetsa kuti Mmalawi wa kumudzi amaimba foni kufunsa za thupi lake ngati wina akuyankha m'chilankhulo chake ndipo mayunitsi sakudyeka. Ikani a mafizo pamenepo, ngakhale awiri poyamba, pa masiku odziwika. Wodwala yemwe waonedwa kale kuchipatala cha boma alembedwe, ndipo iwo ndiwo azimuimbira, asadikire kuti iye aimbe. Munthu wotopa ndi ululu saimba kukanena kuti wasiya masewero. Amangosiya.

Mudzauzidwa kuti mafizo amafuna kamera, ndipo anthu ambiri ali ndi mafoni a mabatani. N'zoona, ndipo ndi pomwe kafukufuku wa ku Ulaya ndi ku Australia sangatithandize, pakuti anachitika pa anthu a moyo wosiyana ndi wathu. Koma ife tili ndi chomwe iwo alibe: alangizi a zaumoyo omwe amafika m'midzi panjinga, ndipo ambiri a iwo agwiritsapo kale foni kapena tabuleti pantchito. Tsiku la sikelo amayi amakhala atasonkhana kale. Sikelo ikatha, mlangizi akhoza kuimika foni yake imodzi pabenchi, amayi asanu kapena khumi a makosi owawa n'kukhala pamphasa, wa mafizo ali kuchipatala cha boma akuona ndi kukonza. Pakati pa sabata mawu okha amakwanira: mwachita kangati, zikuwawa pati, dzanja lili bwanji. Pepala limodzi la zithunzi, lolembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, likhoza kumatidwa m'buku la kuchipatala. Ku Kachere ku Blantyre, bungwe la MAP lakhala likuphunzitsa kwa zaka zambiri othandizira ntchito za mafizo, ndipo anthu amenewa amadziwa kugwira ntchito ndi zipangizo zochepa. Afunseni asanafunsidwe ogulitsa mapulogalamu a pakompyuta.

Uphungu wake ukhalenso wa moyo wathu. Kuuza achemwali anga kuti asiye kusenza ndi kuwauza kuti asiye kumwa madzi. Chomwe angamve ndi chakuti agawe malita 20 aja kawiri pa masiku omwe khosi lavuta, apemphe wina awasenzetse ndi kuwatula m'malo modzikweza okha mokhotetsa khosi, ndiponso kuti anyamata a pakhomo atenge njinga kupita kumjigo. Telala wa pakhonde, wa kabaza, mayi wothyola tiyi ku Thyolo, kalaliki wa pakompyuta, aliyense ali ndi kaweramidwe kake. A ku KUHeS angayese njira imeneyi m'boma limodzi kapena awiri kwa chaka, n'kuwerenga kuti ndi angati omwe anamaliza milungu yonse, ndi angati omwe anasiya mapiritsi, ndi angati omwe anapezeka ndi matenda aakulu n'kutumizidwa msanga. Tikatero tidzakhala ndi umboni wathuwathu, wa anthu osenza pamutu.

Zitatu zili m'manja mwanu mokha. Choyamba, wa mafizo woimbira odwala awerengedwe kuti wagwira ntchito, nthawi yake ilembedwe pa ndandanda, mayunitsi akhale a boma. Ntchito yodalira chifundo cha munthu ndi bandulo yake imatha tsiku lomwe watopa kapena wasamuka. Mtsikana uja anandiuza kuti ena omwe anaphunzira nawo akadali pakhomo kudikira ntchito, pamene achemwali anga akutemedwa mphini. Chachiwiri, a Medical Council of Malawi, omwe amalembetsa a mafizo, pamodzi ndi bungwe la a mafizo eni ake, alembe malamulo omveka: ndani ali ndi chilolezo chothandiza pafoni, ndi wodwala uti woyenera, nanga zikalakwika adandaule kuti. Chachitatu ndi ulemu wa wodwala. Mayi wovula mpango ndi kutsitsa bulauzi paphewa kutsogolo kwa kamera ayenera kudziwa kuti palibe akujambula, ndipo chithunzi chake sichidzapezeka m'magulu a WhatsApp. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu pa makina, lomwe dziko lino linakhazikitsa mu 2024, lifike mpaka m'kachipinda ka mafizo. Za mtengo wa intaneti mungakambirane ndi a MACRA ndi makampani a Airtel ndi TNM. Zinatheka pa nambala yaulere ya amayi oyembekezera.

Mu Meyi 2023, msonkhano waukulu wa World Health Organization ku Geneva, womwe Malawi ndi membala wake, unagwirizana koyamba kuti mayiko alimbitse ntchito zobwezeretsa mphamvu za thupi m'zipatala zawo, kuyambira kuchipatala chaching'ono. Bungwe lomwelo limati anthu 2.4 biliyoni, mmodzi mwa atatu aliwonse padziko, ali ndi vuto lomwe ntchito zotere zingathandize. Ndondomeko ya unduna wanu ya zaka za 2023 mpaka 2030 imalonjeza chithandizo chofikira aliyense. Ndikupempha kuti pa bajeti ikubwerayi mawu amenewa akhale ndi mzere wake wa ndalama, ndipo mutiuze boma lomwe muyambire ndi mwezi wake.

Mwezi watha ndinapita kumudzi ndi legeni m'chikwama. Ndinawaonetsa achemwali kubweza chibwano, iwo anayesa, tinawerenga limodzi mpaka 10. Kenaka anandiuza kuti masiku ano zala ziwiri za dzanja lamanzere zimachita dzanzi akadzuka. Ndinapinda legeni ija n'kuibwezera m'chikwama, chifukwa ine ndine mphunzitsi, ndipo pamenepo pakufunika wodziwa. Ndasunga ndalama yoti ndipite nawo kuchipatala chachikulu sukulu ikatsekera. Ulendo umodzi umenewo nditha. Akadzawauza kuti azibwera kamodzi pasabata, ndikufuna kudzawayankha kuti pali nambala yomwe idzawaimbire.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa m'chigawo chapakati